Mabuleki a Kagalimoto Kodzipangira

Tsiku lina mukadzatsika mtsetse wautali pa njinga, mudzaime m'munsi n'kugwira rimu ndi chala. Simudzachedwa kuchichotsa. Chitsulo chimene chinali chozizira pamwamba pa chitunda chimakhala chitatentha ngati chiwaya, ndipo timphira ta mabuleki timatulutsa kafungo kopserera. Anyamata otsika ndi matumba a makala amazidziwa bwino zimenezi. Katundu akachuluka timphira tija timagonja, ndiye mumangoona munthu akukanikiza tayala ndi nkhwaila, kapena watsika n'kumalimbana nayo njinga ngati ng'ombe yamakani. Pa Chiweta ndi pa Golomoti fungo lomweli limachokera ku malole, koma lamphamvu, lomveka ngakhale mawindo a basi ali otseka.

Fungo limeneli tilitsata mpaka pa kagalimoto kosaonekaoneka m'misewu yathu, kakang'ono, kopepuka, komangidwa ndi mwini wake pakhomo. Takasankha dala. Pa kagalimoto kotere palibe kompyuta yobisa zolakwa za makaniko, choncho chilichonse chimene mwasintha pa mabuleki chimamveka kuphazi tsiku lomwelo.

Galimoto yomanga wekha

Mu 1957 Colin Chapman wa ku England anatulutsa galimoto yotchedwa Lotus Seven. Inali ya anthu awiri, yopanda zitseko, chigoba chake cha timapaipi tachitsulo towotcherera, tokutidwa ndi malata opyapyala a aluminiyamu. Chapman ankadana ndi kulemera. Kwa iye chitsulo chosagwira ntchito chinali ngati mlendo wokwera osalipira. Ambiri ankagula galimotoyi m'zidutswa n'kukalumikiza okha kwawo, poti kutero kunkawapulumutsa ku msonkho. Mu 1973 Lotus inagulitsa ufulu wopanga galimotoyi ku kampani ya Caterham, yomwe ikupangabe mpaka lero. Ku South Africa nako kampani ya Birkin inayamba kupanga zofanana nazo kufupi ndi Durban m'zaka za m'ma 1980.

Chimene chinakopa anthu wamba ndi buku la Ron Champion la mu 1996, lofotokoza momwe munthu angawotcherere yekha chigoba, n'kutenga injini, magiya ndi mabuleki akumbuyo ku Ford Escort yakale yotha ntchito, mabuleki akutsogolo ku Ford Cortina. Timagalimoto totere timatchedwa Locost, dzina lotengera mawu achingerezi onena za kutchipa. Kambiri timalemera makilogalamu 500 mpaka 600, pamene Toyota Corolla wamba imapitirira 1,000.

Nkhani ya mabuleki imayamba patapita chaka kapena ziwiri. Mwini wake waika injini yamphamvu kuposa yoyamba, mwina ya njinga yamoto yaikulu, ndipo tsopano akuyang'ana timabuleki ta Ford tija ndi diso lonyoza. M'magazini waonamo zitsulo zikuluzikulu zopaka utoto wofiira, zolembedwa Brembo, Wilwood kapena AP Racing. Mtima wapita. Asanatulutse ndalama, pali zinthu zofunika kuzimvetsa, ndipo zina zimatsutsana ndi zimene maso amakhulupirira.

Liwiro limasanduka kutentha

Makolo ankapekesa moto pokhukhuza mtengo pa unzake. Mabuleki amachita zomwezo: amakhukhuza chinthu choima pa chinthu chozungulira, ndipo mphamvu ya liwiro imasanduka kutentha kumene mphepo imanyamula. Ntchito yawo ndi yokhayo.

Kuchuluka kwa kutenthako kumadalira kulemera ndi liwiro, koma mosiyana. Galimoto yolemera kawiri imatulutsa kutentha kawiri. Yothamanga kawiri imatulutsa kutentha kanayi. Kagalimoto ka makilogalamu 500 kothamanga makilomita 100 pa ola kakaima, kutentha kotuluka n'kokwanira kufikitsa powira madzi ozizira opitirira pang'ono theka la lita, ndipo zonsezi zimachitika m'masekondi ngati atatu. Galimoto ya makilogalamu 1,500 pa liwiro lomwelo ingawiritse madzi oposa lita imodzi ndi theka. Kagalimoto kathu kaja kakafika pa makilomita 200 pa ola, ndi malita awiri ndi kakuti.

Ndiye taonani: mabuleki a Escort ndi Cortina anapangidwira galimoto yolemera kwambiri kuposa Locost, yonyamula banja lonse ndi masutikesi. Pa kagalimoto ka theka la tani amakhala ngati bulu wosenza thumba limodzi la mchere. Pa msewu wamba sakhala ochepa ayi. Amayamba kutopa pokhapokha mwini wake akamapita ku bwalo la mpikisano, komwe amaponda mwamphamvu pa kona iliyonse, chitsulo chisanapeze mpata wozizira.

Tayala ndiye mwini nkhani

Mabuleki amaimitsa gudumu, koma chimene chimagwira msewu ndi tayala. Tayala lililonse limakhudza pansi ndi kachigawo kakang'ono ngati chikhatho cha munthu. Zikhatho zinayi zimenezo ndizo zimaimitsa galimoto. Pa tara youma, ndi matayala abwino, galimoto yochoka pa makilomita 100 pa ola imaima pa mtunda wa mamita pafupifupi 40, osawerengera nthawi imene dalaivala amataya asanaponde.

Mabuleki akakhala ndi mphamvu zoti gudumu n'kuuma gwa galimoto ikuyenda, ndiye kuti afika kale pa malire a tayala. Kuwawonjezera mphamvu sikungachotse ngakhale mita imodzi pa mamita 40 aja. Gudumu likauma, tayala limangokhwekhwereza, mtunda umatalika, ndipo chiwongolero chimasanduka chidole: mungachipinde bwanji, galimoto imapita kumene ikufuna. Magalimoto amakono ali ndi ABS, kachipangizo komasula ndi kumanganso buleki kangapo pa sekondi imodzi kuti gudumu lisaume. Timagalimoto todzipangira tambiri tilibe. ABS yake ndi phazi la mwini.

Choncho funso loyamba n'lakuti vuto ndi liti. Ngati magudumu amauma koma galimoto imatsetsereka mtunda wautali, kagulani matayala. Tayala lokalamba mphira wake umauma ngakhale mapanga ake akuoneka atsopano, ndipo pa galimoto yopepuka matayala amakalamba asanathe. Ngati kuponda koyamba kuli bwino koma kwachikhumi sikugwira, vuto ndi kutentha. Ngati pedulo ndi yolimba ngati mwala, kapena yofewa ngati nsima ya ana, vuto lili m'njira yochokera kuphazi.

Kuchokera kuphazi kufika ku gudumu

Pedulo ndi chitsulo chotukulira, ngati mgwala wotembenuzira mwala. Pa galimoto yopanda chothandizira phazi, kambiri imachulukitsa mphamvu kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Mukaponda ndi mphamvu ya makilogalamu 30, kumapeto kwake kumafika 150 kapena 180. Mphamvu imeneyo imakankha pisitoni m'kabotolo kachitsulo kodzaza mafuta, kotchedwa masita silinda. Kachitidwe kake ndi ka jekeseni ya kuchipatala.

Mafuta safinyika. Mukawakankha kuno amakankha uko ndi mphamvu yomweyo pa kachigawo kalikonse, monga anafotokozera Blaise Pascal wa ku France m'zaka za m'ma 1600. Amadutsa m'timapaipi mpaka ku gudumu, komwe kuli kalipa, chibwano chachitsulo chokhala ndi mapisitoni ake. Mapisitoniwo amakankha mapadi awiri, mapadi n'kuluma disiki, mbale yachitsulo yozungulira limodzi ndi gudumu. Mtundu wakale ndi wa dramu, m'mene zitsulo ziwiri zopindika zimatambasuka n'kukhukhuza m'kati mwa chinthu chonga mphika. Dramu imasunga kutentha m'kati, pamene disiki ili pamphepo. Mwayi wa disiki unaonekera poyera mu 1953, pamene Jaguar C-Type yokhala ndi madisiki a Dunlop inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans. Madalaivala ake ankatha kuchedwa kuponda pofika pa makona, anzawo a madramu atayamba kale.

Pa masita silinda mpamene ambiri amagwa chagada. Nzeru ya msanga imati yaikulu ndiyo yamphamvu. Zoona zake n'zosiyana. Mayi akakupondani ndi nsapato ya gogoda mumalira kuposa atakupondani ndi patapata, chikhalirecho thupi ndi lomwelo, chifukwa kulemera konse kwasonkhana pa kansonga. Silinda yopapatiza imachita chimodzimodzi. Zogulitsidwa kawirikawiri ndi za mainchesi 0.625, 0.7 ndi 0.75. Kuchoka pa ya 0.75 kupita pa ya 0.625 kumawonjezera kukanikiza kwa mafuta ndi pafupifupi 44 peresenti, phazi likuponda chimodzimodzi. Malipiro ake ndi oti pedulo imayenda mtunda wautali isanagwire, popeza silinda yaing'ono imatunga mafuta ochepa. Mukaika makalipa akuluakulu ofuna mafuta ambiri n'kusiya silinda yakale, pedulo itha kufika pansi mapadi asanalume bwino. Munthu wawononga ndalama, mabuleki aipiraipira.

Magalimoto wamba ali ndi chothandizira phazi chotchedwa savo, chigubu chakuda kuseri kwa masita silinda, chogwiritsa ntchito mpweya woyamwidwa ndi injini. Pa kagalimoto ka theka la tani omanga ambiri amachisiya, ndipo ine ndimagwirizana nawo. Malo ndi ochepa, ndipo popanda icho phazi limamva bwino pamene tayala latsala pang'ono kutaya msewu.

Kutsogolo ndi kumbuyo

Minibasi ikamanga mabuleki mwadzidzidzi, tonse timagunditsa mphumi pa mpando wakutsogolo. Galimoto nayo imachita chimodzimodzi: kulemera kumathamangira kutsogolo, mphuno imagwada, kumbuyo kumapepuka. Matayala akutsogolo amakanikizika pansi n'kugwira kwambiri, akumbuyo amagwira pang'ono. N'chifukwa chake pa magalimoto ambiri mabuleki akutsogolo amagwira magawo 60 mpaka 70 pa 100 alionse a ntchito.

Apa mpamene pali ngozi yeniyeni. Magudumu akutsogolo akauma, galimoto imatsetsereka molunjika, ndipo mukamasula phazi pang'ono imamveranso. Akumbuyo akayamba ndiwo kuuma, mchira umadutsa mutu. Kagalimoto kakafupi kamazungulira msanga moti dalaivala amangozindikira akuyang'ana kumene wachokera. Lamulo lake ndi limodzi: akutsogolo ayambe kuuma, nthawi zonse.

Chimodzi mwa zosintha zokondedwa ndi kuchotsa madramu akumbuyo n'kuikapo madisiki, nthawi zambiri ochokera ku Ford Sierra. Amaoneka bwino, n'zoona, ndipo kusintha mapadi sikuvuta. Koma anapangidwira galimoto yolemera kawiri, moti pa kagalimoto kopepuka atha kuluma kumbuyo mopitirira. Aliyense wosintha mbali imodzi wasintha mgwirizano wa zonse zinayi, kaya akudziwa kapena ayi.

Njira zokonzera zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kavalavu koikidwa pa paipi yopita kumbuyo, kochepetsa mphamvu yopita kumeneko mukaponda kwambiri. Kamangochepetsa, sikawonjezera. Yachiwiri ndi ya opikisana: masita silinda awiri, wina wakutsogolo wina wakumbuyo, olumikizidwa ndi kamtengo kachitsulo kamene pedulo imakankha. Taganizirani anthu awiri osenza chidebe chopachikidwa pa nsungwi. Mukachisunthira kwa mmodzi, iyeyo ndiye amalemedwa. Kamtengo kaja kali ndi mazinga, ndipo mukakapotoza mphamvu imasunthira kutsogolo kapena kumbuyo. Ku Britain galimoto yodzipangira siloledwa mumsewu isanapambane mayeso otchedwa IVA, omwe analowa m'malo mwa SVA mu 2009, ndipo oyesawo amaonetsetsa kagawidwe kameneka. Amadziwa kuti munthu wosewera ndi sipanala Loweruka atha kudzikonzera ngozi ya Lamulungu.

Masilinda awiri ali ndi phindu linanso. Paipi ya mbali imodzi ikaphulika, mbali inayo imatsala ikugwira. Wosagwiritsa ntchito njirayi ayenera kukhala ndi masita silinda ya zipinda ziwiri. Handibuleki nayo ikhale ya waya, yosadalira mafuta, ndipo dziwani kuti makalipa ambiri ampikisano alibe pomangirira wayayo.

Zotchipa zimene zimathetsa mavuto ambiri

Mafuta a mabuleki ali ndi khalidwe loipa: amamwa chinyezi cha mumpweya, ngati mchere nthawi ya dzinja. Akamwa madzi amawira msanga, ndipo akawira mumatuluka nthunzi. Nthunzi imafinyika, choncho pedulo imapita pansi osagwira kanthu. Nthawi zina anthu akamati "mabuleki anaduka pa mtsetse", palibe chinaduka: mafuta anawira, ndipo atazizira pedulo inabwerera mwakale. Pa botolo pamalembedwa mtundu wake. A DOT 3 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi malirewo amatsika kufika 140. A DOT 4 ndi 230 ndi 155, a DOT 5.1 ndi 260 ndi 180. Chenjerani ndi DOT 5 yopanda kadontho. Dzina likufanana ndi DOT 5.1, koma ndi ya silikoni ndipo sisakanizidwa ndi enawo. Sinthani mafuta zaka ziwiri zilizonse, kuchokera m'botolo lotsegula tsiku lomwelo, ndipo akadonthera pa penti pukutani msanga, amasupula.

Kuchotsa mpweya m'mapaipi ndi ntchito ya anthu awiri, ndipo aliyense amene anakhalapo pa galaja anaimva nyimbo yake. Makaniko wagwada pa gudumu, sipanala m'manja, kapaipi koonekera kalowa m'botolo. Mwini galimoto ali pampando.

"Popani, bwana!"

Phazi limapita pansi katatu, kanayi.

"Gwirani pomwepo, musasiye!"

Makaniko amamasula kabawuti kotulutsira, mafuta odera ngati tiyi wopanda mkaka amathamanga ndi timathovu, pedulo imamira. Amamanganso. "Popaninso!" Amatero mpaka mafuta atatuluka oyera opanda thovu, kuyambira pa gudumu lakutali kwambiri ndi masita silinda, uku akuwonjezera m'kabotolo kapamwamba kuti kasaume. Cholakwa chimodzi chimazunguza mitu ya omanga ambiri: kalipa yakumanzere akaiika kumanja, kabawuti kotulutsira kamakhala pansi. Mpweya umakwera pamwamba. Mungapope mpaka dzuwa kulowa, pedulo idzakhalabe yofewa.

Mapaipi amphira a pafupi ndi magudumu akakalamba amatupa mukaponda, n'kuba gawo la mphamvu. Alipo ena olukidwa ndi waya wosachita dzimbiri, amene amapangitsa pedulo kumveka yolimba. Safupikitsa mtunda woimira. Muwamangirire bwino, chifukwa waya wolukawo ukamakhudza chinthu umachipala ngati tupa.

Mapadi ndiwo amasintha khalidwe la mabuleki pa mtengo wochepa. Luso lowapanga linayamba ndi Herbert Frood wa ku England mu 1897, amene kampani yake ya Ferodo ilipobe. Lero alipo a mitundumitundu, ndipo msampha wake ndi mapadi ampikisano. Ambiri mwa iwo amaluma bwino pokhapokha atatentha kwambiri. Kagalimoto kopepuka koyenda mumsewu wamba sikawafikitsa pamenepo, moti m'mawa wozizira, mwana akathamangira mpira pamsewu, amagwira mochepa kuposa mapadi wamba. Za mapadi achinyengo a m'mabokosi okongola sindichulutsa. Ena chikopa chake chimamatuka kuchitsulo chikatentha.

Tsopano zitsulo zofiira zija

Ngati zonsezi zachitika ndipo mabuleki akutopabe pa bwalo la mpikisano, nthawi ya madisiki ndi makalipa yakwana. Disiki yotambalala imagwira ngati sipanala yaitali, ndipo chitsulo chochuluka chimameza kutentha kwambiri. Zina zili ndi mphako pakati, zopopa mphepo zikamazungulira. Koma malire alipo. Timagalimoto totere timayenda bwino ndi marimu aang'ono a mainchesi 13, ndipo disiki yaikulu imakakamiza rimu yaikulu, yolemera.

Kulemera kwa pa gudumu n'koipa kuposa kwina kulikonse. Thupi la galimoto limakhala pa masipuling'i, koma gudumu, disiki ndi kalipa zili pansi pake, zikudumpha ndi bampu iliyonse. Yesani kuthamanga mutavala magambutsi odzaza matope. Gudumu lolemera likadumpha limachedwa kubwerera pansi, ndipo tayala lili m'malere silimanga buleki. Galimoto ikapepuka vutoli limakula, popeza thupi lilibe kulemera kokwanira kupondereza gudumu. N'chifukwa chake pa Locost phindu lenileni la kalipa ya aluminiyamu ya mapisitoni anayi, poyerekeza ndi yachitsulo ya Ford Cortina imene ambiri amayambira, ndi kupepuka kwake. Omanga odziwa amasunga disiki yaing'ono yopanda mphako n'kusintha kalipa yokha.

Madisiki obowolabowola amakongola pa chithunzi, koma akamatentha ndi kuzizira mobwereza amakonda kuyamba ming'alu kuchokera pa timabowo. Kachitsulo komangirira kalipa yatsopano nako musakapeputse. Mphamvu yonse yoimitsa galimoto imadutsa pa iko ndi pa mabawuti awiri. Sikopanga ndi chidutswa chotsala popanga geti. Kadulidwe pa chitsulo chodziwika, kalipa ikhale pakati penipeni pa disiki, mabawuti akhale olimba a giredi yoyenera.

Kuzoloweretsa ndi kuyesa

Mapadi atsopano sagwira bwino tsiku loyamba. Amayenera kupaka kaye kachikopa kopyapyala pa disiki. Pezani msewu wopanda anthu, fikani pa makilomita ngati 80 pa ola, pondani mwamphamvu mpaka liwiro litsike kwambiri koma osaima, n'kuthamanganso. Bwerezani kasanu n'katatu kapena kakhumi. Kafungo ka pa Chiweta kaja kakamveka, yendani mphindi zingapo osaponda kuti zizizire. Musaime mutapondereza pedulo disiki ili yamoto. Padi imadinda chizindikiro chake pamalo amodzi, ndipo pambuyo pake chiwongolero chimanjenjemera mukamamanga buleki. Ambiri amati disiki yapindika, pamene nthawi zambiri ndi chidindo chimenechi.

Mayeso omaliza ndi a kagawidwe, ndipo amafuna tara youma yogwira bwino. Pa fumbi kapena pa msewu wonyowa galimoto siigwada kwambiri, kumbuyo sikupepuka, choncho zonse zimaoneka zabwino ngakhale zili zolakwika. Pamalo ogwira mpamene mchira umaulula khalidwe lake. Lembani mzere wa choko m'mbali mwa tayala lililonse, kuchokera pa rimu kufika kunja. Mnzanu aime patali bwino m'mbali mwa msewu. Yambani ndi makilomita 40 pa ola, pondani mowonjezera mpaka gudumu lina liume. Iye aziyang'ana mizere ija ikuzungulira. Wakutsogolo ukayamba kuima, wakumbuyo ukuzungulirabe, mwalondola. Wakumbuyo ukaima poyamba, bwererani ku kamtengo kaja kapena kavalavu, muchepetse kumbuyo, muyesenso. Mukatero bwerezani muli awiri m'galimoto, kenaka muli nokha thanki ili pafupi kuuma, chifukwa pa timagalimoto ta mtundu wa Seven thanki imakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo petulo akatha mchira umapepuka kuposa mmene unalili m'mawa.